Gwape wa achemwali anga

Ndinadzuka kusanache, miyendo itauma ndi kuzizira kwa pansi m'nyumba ya siwa. Amayi a mpingo anali atasasa mawu ndi nyimbo za usiku wonse. Kunja nkhungu inali itaphimba phiri la Chongoni. Ndinamva makasu akugundana, adzukulu akupita kukakumba manda a achemwali anga, ndipo nthawi yomweyo ndinaganiza za gwape wawo.

Achemwali anakulira ku uzimba, mkazi yekha pakati pa amuna, ndipo poponya chibonga ankawaposa. Nyama zitayamba kutha m'phirimo anasiya, n'kumayenda ndi amayi anzawo kumasula misampha ya waya imene alenje ankatchera. Amuna ankawanena kuti msilikali wopanda nsapato, iwo n'kumangoseka. Tsiku lina anapeza kagwape katakodwa, anakalera mpaka kukula, kenako anakakasiya m'nkhalango ya kumanda, poti kumeneko palibe amalowa ndi agalu. Tinkadziwa awirife basi.

Ndinafuna kuthamangira kumandako. Koma mkazi safika pamene akukumba, ndipo ine namfedwa azakhali anali atandikhazika kale pamphasa. Ndikanati chiyani? Kuti ndikudandaula nyama, m'bale wanga ali gone apa?

Dzuwa litakwera anthu anadzaza bwalo, a ku Lobi, a ku Linthipe, ena panjinga, ena palole. Kuseri amayi ankalimbana ndi nkhuni zaziwisi, utsi uli tolo. Anzawo a achemwali oyenda nawo m'phiri aja anabwera atavala zitenje zofanana n'kukhala pafupi ndi bokosi.

Tikuyandikira kumanda ndi nyimbo, ndinamva agalu akuuwa kudambo. Amuna angapo anachoka pamzere mwakachetechete. Ndinalira mokweza, anthu n'kundigwira zolimba poganiza kuti ndigwa. Sindinadzionepo wopanda mphamvu ngati tsiku limenelo. Ngakhale bokosi sindinalione likutsika.

Madzulo anthu atabalalika, nyumba inangoti zii. Ndili pakhonde ndi azakhali, mkulu wa adzukulu anafika atavula chipewa, atanyamula kanthu kokulunga m'masamba a nthochi.

"Pepani mayi," anatero atanjuta. "Gwape anatuluka yekha kumanda pamene timakumba, ndiye anzathu amuphera kudambo. Tati malemuwa anali mlenje, mwendo uwu ubwere pakhomo pano."

Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza. Azakhali anautenga mosangalala n'kundifunsa pamene achemwali ankasunga mchere. Ndinawalozera.