Mpiru wanga ndi dzanja la mayi a ku Dedza

Chaka chomwe mpiru unamera pakhonde lathu ku Al Nahda, kuno kudziko la eni la m'chipululu, ine ndinkayenda modzimva ngati ndagula galimoto. Njere zake zinali zosadzaza n'komwe supuni, zimene mchemwali wanga anandikulungira m'kapepala. Ndinazifesa m'zidebe za penti kutentha kutayamba kuchepa, ndipo tsiku lachinayi timasamba tiwiritiwiri tinatulukira. Ndinavina ndekha pakhondepo nditavala kale yunifolomu ya kushopu, mpaka basi inandisiya.

Amene sanakhaleko kuno sangamvetse. Masamba alipo m'mashopu, okongola, a m'mapulasitiki, koma ukawatafuna ndi madzi okhaokha. Wangawu unali mpiru weniweni, wowawira kukhosi. Nditauphika koyamba, anzanga atatu amene ndinkagona nawo chipinda chimodzi ananyambita poto. Wina ndinausiya kuti uchite maluwa, ndipo ndinakolola njere zodzaza kapu.

Kwathu mbewu samana. Chaka chotsatira ndinagawa kwa aliyense wondipempha, timapepala topindapinda, potuluka kutchalitchi ngakhale pa siteshoni ya sitima. Dalaivala wina wa ku Zambia ankandiseka kuti ndikugawa ngati wogulitsa chamba ndipo tsiku lina ndidzamangidwa. Ndinamukalipira kwambiri, chifukwa kuno mawu amenewo saseweretsa, koma nayenso anatenga kapepala kake.

Tinatsegula gulu pa foni. M'mawa uliwonse zithunzi zinkagwa ngati mvula: mpiru m'mabeseni, m'mabotolo odula pakati, wina mpaka m'tayala kuseri kwa nyumba zogona antchito ku Al Quoz. Anthu anayamba kunditcha alangizi. Ndisaname, dzinalo linkandikoma, ndipo ndinkapereka malangizo ngakhale pa zinthu zomwe sindinkazidziwa.

Kenako masamba anayamba kuchita chikasu m'mphepete, mitsempha n'kuda, phesi n'kuwola mpaka kununkha. Zinayambira kwa mayi ena achikulire a ku Dedza, olera mwana m'banja lina ku Al Muraqqabat. Mayiwa analibe wachibale kuno. Tsiku lawo lopuma ankayendera timadimba ta anzathu, n'kumasisita masamba uku akuyamikira. Matenda atafika kwa munthu wachiwiri ndi wachitatu, wina anawerengera kuti konseko mayi aja anapondako. Nkhani inatha pomwepo: ali ndi dzanja loipa. Anthu anasiya kuwaitana. Akaimba foni, aliyense ankati ali pa ntchito. Ine alangizi sindinawaikire kumbuyo, mwinanso ndinagwedezako mutu.

Mpiru wanga utayambanso kuwola, ndinatengera tsamba kwa bambo wina wa ku Mangochi amene amagwira ntchito pa nazale ya maluwa. Analiyang'ana padzuwa n'kundifunsa ngati mpiru umene ndinatengako njere unali wabwinobwino. Sunali wabwino. Unali ndi timawanga tachikasu, ndipo ndinkathothola masamba oterowo ndisanajambule chithunzi, kuti anthu asaone.

"Asisi, izi si za madzi, si za dzanja la munthu," anatero. "Matendawa amayenda m'njere. Mbewu yanuyi ndi yodwala. Khalas, zatha basi, zulani."

Anandiuza kuti titaye ndi dothi lomwe, titsuke zidebe, ndipo tikafuna kuyambiranso tipeze njere zina zochokera ku mbewu yathanzi. Zonsezo zinali zosavuta. Chovuta chinali pakamwa panga.

Ndinakhala nazo masiku atatu. Ndinkadziuza kuti ndingolengeza za kuzula basi, za njere ndisatchule. Koma ndikanatero mayi aja akanakhalabe mfiti ya mpiru mpaka tsiku lodzakwera ndege. Ndinajambula mawu anga pa nthawi yopuma masana, nditabisala kuseri kwa makatoni, n'kutumiza pa gulu. Ndinanena zonse, ndi za kuthothola masamba zomwe. Ena anandinyoza, ena anaseka kuti alangizi apha mudzi.

Tsiku langa lopuma ndinapita ku Al Muraqqabat. Ndinawapeza pansi pa nyumba yosanja imene amagwiramo ntchito, akukankha kangolo ka mwana. Ndinagwada pasimenti pomwepo, anthu akudutsa, n'kuyamba kupepesa. Anandidzutsa msanga, akuti ndisawachititse manyazi pamsewu wa eni. Anati uthenga wanga anaumva, anaumvetsera kangapo. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Titayenda pang'ono anaima, n'kuyang'ana zikhatho zawo.

"Mwana wanga, anthu kundithawa si kanthu," anatero. "Koma nanenso ndinayamba kukhulupirira. Mwezi wathunthu ndakhala ndikuopa kumunyamula mwana uyu."