Lamba amene ndinakasoketsa kwa telala

Ntchito yanga yoyamba inabwera ndi thumba la mpunga. Azakhali anga a ku Maganga ankagulitsa mpunga kwa Mayi Jafali, eni shopu ya katundu wa ana pa Kamuzu Road ku Salima. Tsiku lina akukatula mpungawo anamva kuti mtsikana wa pashopu wakwatiwa ndipo wasamukira ku Nkhotakota. Azakhali si munthu woti mwayi ungawadutse pakhomo. Anati ali ndi mwana wa achimwene awo, Esinati, wa Folomu 4, amene akungotha manja ndi kutsuka mbale. Lolemba lotsatira ndinali kuseri kwa kauntala, nditavala diresi la kutchalitchi.

M'shopumo munali zovala za kaunjika, mabafa a makanda, timabedi topinda, ndiponso mipando ya ana ya m'galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito kunja, yobwera m'kontena. Kunena zoona, mipandoyo ndinkaiderera. Tonse tinakulira kumsana ndi pamiyendo ya amayi athu, nanga tinafa? Nditalankhula zimenezi tsiku lachiwiri, Mayi Jafali anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Mwana iwe, manja a mayi ndi amphamvu pakhomo. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, mwana amapulumuka m'manja ngati sopo wonyowa."

Anali mayi waukali koma wodziwa kuphunzitsa. Mpando ukafika tinkauvula nsalu yonse n'kutulutsa pulasitiki padzuwa. Mng'alu kapena mzere woyera ngati wa ndowa yopindidwa unkasonyeza kuti mpandowo unamenyedwapo. Kenako tinkautembenuza n'kuwerenga chaka chimene unapangidwa, chifukwa pulasitiki imakalamba, makamaka ndi dzuwa lathu la kunyanja. Pambali pamakhala kapepala konena makilo a mwana woyenera kukhalamo. Kachitsulo kotsekera malamba kankayenera kulira kuti "tswa" n'kusamasuka ngakhale ukoke. Pomaliza tinkayendetsa zala m'malamba onse, kuchokera paphewa mpaka pansi. Mpando wolephera mayeso Mayi ankapita nawo okha m'chipinda cha kuseri. Zimene ankachita nawo kumeneko sindinafunse, ndipo apa ndi pamene panagona vuto langa.

Kugulitsa nakonso kunali ndi mwambo wake. Tinali ndi sikelo pakona, ndipo mwana ankayamba wakwera pasikelo kholo lisanaloze mpando. Wamng'ono amakhala choyang'ana kumbuyo, pampando wakumbuyo wa galimoto. Kwa anthu a ndalama zochepa, amene anali pafupifupi onse, Mayi ankalangiza mpando wokula ndi mwana, umene chotsamira mutu chake chimakwezeka ndipo malamba amasunthika. "Gulani kamodzi, mwana akuliremo," ankatero. Tikatero tinkakamangirira m'galimoto ya kasitomala n'kuugwedeza. Ukasuntha kupitirira zala ziwiri, tinkayambiranso.

Nditatha miyezi inayi, Mayi anapita ku Lilongwe kukaoda katundu n'kundisiyira makiyi kwa masiku atatu. Mtima unali m'mwamba. Ndikusesa kuseri kuja ndinapeza mpando wabwino kwabasi, wa mtundu wokula ndi mwana uja, pulasitiki yopanda banga, chaka chake chaposachedwa. Vuto linali limodzi lokha: lamba wa paphewa anali wodukira pakati. Ndinaseka ndekha. Kwathu sititaya chinthu. Patapata timamanga ndi waya, ndowa timamata ndi moto, nanga lamba angatikanike? Ndinaunyamula kupita nawo kwa a Sumani, telala wa pakhonde loyandikana nafe, amene amasoka matenti ndi zikwama. Anaika chigamba cha lamba wina, n'kudutsamo kanayi ndi ulusi wokhuthala. Ntchito inaoneka bwino moti ndinadziona ngati ndine mwini bizinesi.

Lachisanu kunabwera banja la a Kamwendo a ku Senga Bay. Mayiyo ankaphika ku loji ina, bamboyo ankayendetsa kagalimoto ka hayala. Mwana wawo Takondwa anali wa chaka ndi miyezi iwiri, wonenepa, wosakhazikika. Mawa lake ankapita ku ukwati ku Lilongwe, ndipo mayiyo anati paulendo wapitawo mwana anatsala pang'ono kumenya mutu pagalasi bambo atapewa mbuzi. Mitengo ya mipando ina inawakulira. Pamenepo ndinatulutsa wanga uja. Sindinabise kanthu, ndinawaonetsa msoko monyadira, n'kutsitsa mtengo. Bambo Kamwendo anati, "Apa ndiye mwatiganizira, chemwali." Ndinamuyeza mwana, ndinamangirira mpando, ndinagwedeza, zonse mwa dongosolo.

Loweruka m'mawa Mayi Jafali anafika, n'kulowa kuseri, n'kutulukanso nthawi yomweyo. "Mpando wa lamba woduka uja uli kuti?"

Ndinafotokoza ndikumwetulira, ndikudikira kuyamikiridwa. Iwo anakhala pansi pa katoni. "Subhanallah. Esinati, lamba uja amalukidwa kuti agwire mwana galimoto ikagunda. Singano yadula ulusi wake paliponse yadutsa. Ndinaiwala kudula malamba a mpandowo ndisananyamuke, cholakwa changa ndi chimenecho. Anyamuka nthawi yanji?"

"Anati teni koloko."

Inali itadutsa naini. Nambala ya foni sindinatenge. Ndinkangodziwa kuti amakhala kuseri kwa msika wa ku Senga Bay. Mayi anatsitsa mpando wina wa mtundu womwewo, wabwinobwino, n'kundipatsa pamodzi ndi sizasi yaikulu ya pashopu. "Mtengo ndi womwe analipira. Woipawo udule malamba pomwepo, ndi mmene timachitira kuti wina asautole. Ukabwera usanaupeze, usalowe muno."

Ndinakwera njinga yamoto ya kabaza, mpando uli pamiyendo. Msewu wa ku Senga Bay sunatalikepo ngati tsiku limenelo. Galimoto iliyonse yochokera kutsogolo ndinkaisuzumira, kuopa kuti tiphonyana. Za ntchito ndinaziganizira pang'ono chabe. Maganizo anga onse anali pa Takondwa, amene dzulo lake anandigwira chala ali pasikelo. Ndinachita mantha, ndipo ndinadzida.

Pamsika ndinafunsa amayi ogulitsa usipa. Anandilozera kanjira kamchenga. Ndinawapeza akupakira zikwama, mayi atavala kale chitenje cha ukwati, mwana atamangidwa kale mumpando uja akudya nthochi. Ndinangogwada pamchenga n'kunena kuti ndinawagulitsa chinthu choopsa ndipo ndabweretsa china.

Bambo Kamwendo sanasangalale. Nthawi inali itatha, ndipo abale ena ankawadikira panjira. Anamutulutsa mwana, n'kuponda mpando ndi bondo, n'kukoka lamba uja ndi manja awiri mpaka mitsempha kutuluka. Msoko sunasunthe. "Mwaona? A Sumani ndimawadziwa, tenti yawo imapirira mphepo ya mwera. Inu mukufuna kutichedwetsa chabe."

Maso awo anaona zoona. Ndinayesa kunena kuti mphamvu ya ngozi si ya manja, koma zinkamveka ngati zoloweza. Anthu oyandikana nawo anali atayamba kusonkhana, ena akuseka kuti mtsikana wa mutauni wabwera ndi sizasi ku ukwati. Mayi Kamwendo, mwana ali m'manja, anandifunsa motsitsa mawu. "Chemwali, ndiuzeni chimodzi. Akanakhala wanu, mukanamuikamo?"

"Dzulo ndikanamuika, mayi. Lero ayi."

Anapereka mwana kwa amuna awo. Anatenga sizasi m'manja mwanga, n'kudula okha lamba uja pamwamba pa msoko, kenako winayo. "Bambo a Takondwa, ukwati si wathu. Akamanga popanda ife."

Ndinamangirira mpando watsopano. Ndinadutsitsa lamba wa galimoto m'njira yake, ndinakanikiza ndi bondo, ndinagwedeza. Sunasunthe. Ndinakweza chotsamira mutu, n'kuwaonetsa mayiwo mmene adzakwezere mwana akamakula, ndi mmene angatsinire lamba paphewa kuti aone ngati wathina mokwanira. Bamboyo anagwedezanso okha, n'kung'ung'udza kuti uwu ndiye wakhala ngati wowotcherera. Takondwa analira pang'ono, kenako anabwerera ku nthochi yake. Ananyamuka mochedwa ndi theka la ola.

Ndinabwerera ndi chigoba cha mpando ndi zidutswa za malamba. Mayi Jafali anaziyang'ana n'kuti, "Alhamdulillah." Ndinkadikira kuti andiuze kuti ntchito yatha, ndizipita kunyumba, koma anangondipatsa tsache. Madzulo tikutseka anati, "Wolakwa n'kuthamangira cholakwa chake ndimamusunga. Kuyambira lero, mpando woipa uzidula ndiwe."

Ndinagwira nawo zaka zitatu, ndipo tsopano ndili ndi kashopu kangakanga. Chimene ndinaphunzira tsiku lija n'chakuti luso lathu lokonza zinthu, limene latisunga pa umphawi, lili ndi malire. Nsapato ikaduka umayenda chopanda nsapato mpaka kunyumba, koma lamba wa mwana amayesedwa kamodzi kokha, pamsewu, popanda wokuchenjeza. Makasitomala ena amandinena kuti ndine wouma mtima akandiona ndikudula malamba a mpando wooneka bwino. Ndimawalola anene. Mwezi wathawu a Kamwendo anaima pakhomo la shopu yanga, bamboyo n'kutsitsa galasi. Anati Takondwa wayamba sukulu, mpando uja wamuchepera, ndipo mng'ono wake ali m'njira. Anafuna kuti ndiuvule nsalu, ndiuyendere wonse, asanamuikemo winayo.