Lole Yokwera Miyala ya ku Nkhorongo

Chaka chimene ndinalowa yunivesite kuno ku Mzuzu ndi chomwechonso chimene bambo anga analeka kutuluka pageti. Sitiroko inawagwira mbali yakumanzere. Mwendo unkakwakwaza pansi, dzanja linkangolendewera. Kuchipatala anatiuza mosapsatira kuti akapanda kumayenda, mwendowo uumiratu ndipo sadzaimanso. Bambo anamva, nagwedeza mutu, koma titafika kunyumba ku Nkhorongo anakhala pampando wa pakhonde ngati awakhomerapo misomali. Munthu amene anakalambira pa chiwongolero cha lole ya matabwa ya ku Chikangawa, wodziwika kwa aliyense pa depoti, sankafuna kuti anthu amuone akukoka mwendo. Amayi anayesa kunyengerera, anayesa kukalipa, anaitana ngakhale anzawo a kutchalitchi kudzaimba. Bambo akangomva kugogoda pageti ankalowa kuchipinda.

Miyezi itapitapo, achimwene anga anabwera kuchokera ku Joni ndi katoni yomangidwa bwino. Ine mtima unali pa nsapato, amayi pa bulangete, poti kuzizira kwa Mzuzu sikuona nkhope. Titatsegula tinapeza tizitsulo, timatayala, mawaya ndi limoti. Achimwene anati ndi kagalimoto koyendera limoti, anakagula kwa munthu amene anali atatopa nako, ndipo anakamasula kuti kakwane m'katonimo. Anati si ka mpikisano wothamanga, ntchito yake ndi kukwera miyala basi, ndipo kumeneko amaseweretsa ndi azibambo a ndevu zawo. Amayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa ngati munthu wanzeru zake angadutse malire onse aja atasenza chidole. Tchuthi cha achimwene chinatha asanakamange. Katoniyo anandisiyira ine, chifukwa pakhomo pathu amene ankatsegula mawailesi akufa ndinali ine, ngakhale ambiri sankaukanso.

Ndinkagwirira pakhonde ndikaweruka ku makalasi. Timasikuluwu ndinkatiika m'lichero la amayi kuti tisasowe. Bambo ankakhala chapafupi, maso ali kumpanda, ngati sizikuwakhudza. Tsiku lina ndinatulutsa kachitsulo kolumikiza matayala akumbuyo, kotupa pakati ngati dzira la nkhunda. Ndinangomva akuti ndiwapatsire. Anakatembenuza m'dzanja lawo labwinolo, n'kundiuza kuti nditsegule potupapo. Mkati munali timagiya ta mano osongoka, todzola girisi, tolumana bwinobwino.

"Iyi ndi difu," anatero chapansipansi. "Difu yeniyeni, mayi. Ndani anakhala pansi kusula zimenezi?"

Ankanditchula mayi chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo. Anakhala nthawi yaitali akuzunguza kachitsuloko ndi chala. Nanenso ndinagwidwa nthumanzi yokoma. Chilichonse chimene bambo ankagona pansi pa lole kukonza chinalimo m'katonimo: shafiti, masipuling'i okhala ndi mafuta mkati, giyabokosi, zonse zazing'ono moti n'kuzibisa m'chikhatho. Matayala onse anayi ankakoka. Kuyambira tsiku limenelo mpando wawo unatembenukira kwa ine, ndipo ndinapeza kapitawo amene sindinamupemphe.

Bodi imene inabwera ndi kagalimotoko inali yosweka. Bambo sanadandaule, anati bola, timanga lole. Mutu wake tinaudula ku chigubu cha mafuta ophikira, ndikufewetsa pulasitikiyo m'madzi otentha kuti ipindike. Kumbuyo tinayala timatabwa ta paini topyapyala. Ine ndinkadula, iwo ankayeza ndi diso n'kumakana. Ndikati zakwana, ankati chitseko chapendama. Ndikati ndani achione, ankati achiona iwowo. Tinaipaka utoto wobiriwira wotsala pa mawindo, tinaika tinyali kutsogolo ndi magalasi oonera kumbuyo ochokera ku kagalasi kanga kodziyang'anira kamene kanasweka, ndipo mapeto ake inaima pakhondepo ngati ingolira hutala.

Kenako panabwera nkhani ya katundu. Kwa bambo, lole yopanda katundu inali chinthu chamanyazi, ngati munthu wopita kumudzi chimanjamanja. Anasema timatabwa ta bulugamu weniweni, n'kutisanja mulu wautali kuposa mutu wa lole, monga ankapakirira masiku awo. Anamanga ndi ulusi, mfundo yake ya madalaivala ija, akukoka ndi dzanja limodzi ndi mano. Pamwamba anaikapo kadiramu kachitsulo ndi tayala lapadera. Amayi podutsa anati pangotsala nkhuku ndi matiresi.

Limoti nayo inali ndi vuto lake. Inkafuna manja awiri, lina logwira ndi kukoka kowonjezera moto, lina lopotoza kachiwongolero ka m'mbali. Ndinathyola chigwiriro cha supuni ya tiyi, n'kuchimangirira pa kachiwongoleroko kuti chala chachikulu chizifikira. Bambo anayesa, matayala akutsogolo anatembenuka uku ndi uku.

Loleyo tinaiyesa pa mulu wa njerwa zotsala kuseri kwa nyumba. Inakwera njerwa yoyamba bwinobwino, itafika pa yachiwiri inadzutsa mutu n'kugwa chagada, matayala akupalasa m'mwamba. Ndinaidzutsa. Inagwanso, ulendo uno cham'mbali, timatabwa tija mbwee. Bambo anaika limoti pansi.

"Ngakhale iyi yandikana," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa ndinadziwa kuti sakunena za chidole. Masiku otsatira mpando unatembenukiranso kumpanda. Ndinaimbira achimwene, iwo anati nkhani ndi kulemera: kagalimoto kokwera miyala kamafuna kulemera kukhale pansi, pafupi ndi matayala, osati pamwamba. Bambo zimenezi ankazidziwa kuposa tonsefe, koma kutsitsa katundu anakana kwamtuwagalu. Anati pa moyo wawo sanafikepo kumene akupita ndi lole yopanda kanthu, ndipo sayambira pa ukalamba.

Nzeru inandibwerera ndikuona zoyera zopepuka zija amatchingira wailesi yakanema m'katoni zitatayidwa kuseri kwa sitolo m'tauni. Ndinazidula timatabwatimatabwa, n'kuzipaka polishi wa nsapato wofiirira mpaka zinaoneka ngati bulugamu. Kadiramu ndinapanga ka pepala. Nditawapatsa bambo, anaziyeza m'dzanja, nkhope ili gwa, kenako anaseka. Kanali koyamba kumva kuseka kwawo chidwalireni, kopotoka mbali imodzi koma kwawo ndithu. Anati katundu wabodza chotere akanamudziwa kale, bwenzi msana wawo udakali wabwino. Iwo omwe ndi amene anandituma kwa omata matayala pafupi ndi depoti kukapempha timtovu tija amamata pa malimu a matayala a galimoto. Tinatikulunga mkati mwa matayala akutsogolo, batire tinalitsitsira pansi penipeni, ndipo m'matayalamo tinaikamo siponji yofewa kuti azigwira mwala.

Zimene ndinaona pa njerwa paja mpaka lero ndimasowa pozifotokozera. Loleyo sinathamange. Inafika pa njerwa, n'kuigunda pang'ono, tayala limodzi n'kuyamba kukwera lokha, likuphwanyika pa ngodya ngati chala chogwira. Linzake linatsalira pansi, thupi lonse n'kupotoka, tayala lakumbuyo lili m'malere, mulu wa katundu utapendekeka moti ndinatseka maso. Nditatsegula inali pamwamba, ikufufuza potsikira pang'onopang'ono ngati bilimankhwe. Chala cha bambo chinkangosuntha pang'ono pokha. Ndinali ndisanawaonepo akuyendetsa m'matope a ku Chikangawa, ndinkangomva nkhani. Tsiku limenelo ndinaona chimene anthu ankanena.

Posakhalitsa pabwalo pathu panatha. Njerwa, sitepe ya pakhonde, mulu wa nkhuni, ngalande ya kubafa, zonse anazikwera mpaka kutopa nazo. Nthawi imeneyo ku Nkhorongo aliyense wokhala ndi malo ankamanga timanyumba tochititsa lendi ana a yunivesite, ndipo kumunsi kwa msewu wathu anali atatsitsa mulu waukulu wa miyala ya maziko. Ndinawauza bambo za muluwo. Anati ndipite nayo ndekha, ndikajambule pafoni. Ndinati ine sindidziwa kuyendetsa, zomwe sizinali zabodza kwenikweni.

Loweruka lina masana amayi analowetsa thumba la makala n'kusiya geti lotsegula. Kaya anaiwala kaya anachitira dala, sananenepo. Bambo anali akuyendetsa pabwalo, ndipo loleyo inalunjika pageti n'kutuluka. Limoti yathu inali yakale, sinkafika patali. Itangodutsa ngalande ya kunja, lole inaima. Bambo anakweza limoti m'mwamba, osayenda. Anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali. Amayi anali atanditsina pamkono kuti ndisasunthe.

Anapachika limoti m'khosi ndi chingwe chake, natenga ndodo, naimirira. Atayenda pang'ono anaima, natsamira ndodo ndi chiuno, nagwira limoti, lole n'kuyenda. Itafika polekezera inaimanso, iwo n'kuitsatira. Anadutsa pageti maso ali pa lole, osazindikira n'komwe, kapena ankachita ngati sakuzindikira.

Mumsewu anthu anaima. A njinga zamoto anazimitsa moto, ana a yunivesite anatulutsa mafoni, amisiri anatsika pa makwerero. Onse maso anali pansi, pa kalole ka matabwa kamene kankadutsa m'mabampu a dothi lofiira mwaulemu wake. Mwendo wa bambo panalibe anauyang'ana. Pofika pa mulu wa miyala tinali chigulu, ine pambuyo pawo manja ali chire kuopa kuti angagwe.

Muluwo unali wautali kufika m'chiuno mwa munthu, miyala yake yakuthwa, yosakhazikika. Bambo anauyang'ana kaye nthawi ndithu, akusankha njira. Atayamba kukwera, phokoso lonse linatha, kunkangomveka kulira kwa kamota ndi timiyala togumuka. Pakatikati tayala linaterereka, lole n'kutsetsereka cham'mbali, anthu onse n'kupumira m'mwamba. Bambo anaibweza pang'ono, napotoza, naiyambanso malo ena. Inakwera mpaka pansonga, katundu ali chimangire. Mmisiri wina wachikulire anavula chipewa n'kuwayamikira m'chilankhulo cha kuno kuti, "Adada, imwe ndimwe dalaivala chomene. Yewo, mwatisangalatsa."

Potsika, batire linatha. Lole inangoima pakati pa miyala, nyali zake n'kuzima. Anthu anayamba kubalalika, ndipo ndinaona bambo akutembenuka kuyang'ana kumene tinachokera. Msewu unali wokwera, wautali, wodzaza anthu, ndipo tsopano panalibe choti iwo kapena anthuwo ayang'ane pansi. Ndinawanong'oneza kuti ndiitane njinga yamoto.

"Nyamula lole, mayi," anatero. "Usandigwire."

Anayamba kukwera, ndodo patsogolo, mwendo ukukwakwaza m'dothi, phokoso lake lomveka kwa aliyense. Thukuta linkatsika m'khosi ngakhale kunali kozizira. Tinafika pa benchi ya mayi wina wogulitsa nthochi, amene kale bambo ankamubweretsera zidutswa za matabwa zosonkhera moto. Mayiyo anawayang'ana, anayang'ana mwendo, osabisa, kenako anaimirira n'kuwapatsa moni wa masana.

"Mwatandala uli, adada? Ise timati munasamuka."

Bambo anaima. Ndinkadikira kuti aweramitse mutu. Anakhazika ndodo bwino, nawongola msana mmene akanathera.

"Tilipo, amama," anayankha. "Tinadwala, koma tilipo. Nanga ana ali bwanji?"

Anacheza pamenepo kanthawi, za ana, za mvula, za kudula kwa makala. Ine ndinaima kumbuyo kwawo nditakumbatira lole, misozi ikugwera pa matabwa abodza aja, ndipo sindinathe kuipukuta chifukwa manja onse anali ogwira.