Kunsi kwa Kabati ya Mkungudza

Dzulo ndikupukuta tebulo, fungo la thabwa lonyowa linandibwezera kunyumba za kampani pa esiteti ya tiyi, kumene ndinakulira.

Chaka china mvula inavumba mpaka madzi ochokera m'phiri analowa m'nyumba mwathu. Ataphwa, kabati yathu ya mkungudza inatsala ili matope okhaokha. Amayi anandipatsa beseni, sopo ndi kansanza.

"Uyambe ndi miyendo yakeyo, ine ndikolope kuno," anatero.

Ndinagwada n'kuyamba kukwecha. Matopewo ankanunkha chivundi, koma ndikapala, fungo la mkungudza linkatulukira. Nditapisa mkono kunsi kwa kabati, ndinakhudza chinthu chozizira. Ndinkayesa ndi nsapato ya abambo, mpaka pamene chinapuma kuti fuuu!

"Amayi, kunsi kuno kuli chinthu."

Anawerama n'kusuzumira. Mawu awo anatuluka aang'ono ngati a mwana.

"Ndi mphiri. Usachotse mkono, mwanawe. Usagwedezeke ngakhale pang'ono."

Njokayo inayamba kutuluka mosafulumira, ikudutsa pamkono wanga. Inali yolemera, ndipo mamba ake ankandikanda pakhungu. Ndinafuna kukuwa. Amayi anagwada kumbuyo kwanga n'kunditseka m'maso ndi chikhatho chawo chonyowa.

"Yapita?" ndinanong'ona.

"Watsala mchira."

Kulemera kuja kunachoka. Ndinamva kukhwekhwereza pasimenti kukulowera kukhomo, kenako zii.

"Yatuluka," anatero amayi, koma chikhatho chawo sichinachoke pamaso panga.