Anti Fyness Akana Ulendo wa ku Dedza

Anti Fyness anagwira ntchito zaka zambiri m'nyumba zosamalira okalamba ku Oadby, kuno kudziko la azungu: kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza odwala kuti asatuluke zilonda. Ine ndinawadziwa kudzera pa bizinesi yanga yotumiza katundu wa anthu ku Malawi pa kontena. Iwo ndi amene anayamba kundikhulupirira, ena onse akuti mwana ngati ine ndithawa ndi katundu wawo.

Mu 2018 madokotala anawapeza ndi khansa ya m'mapapo, itafalikira kale. Masiku amenewo pa wailesi panali mkangano: kodi dokotala aziloledwa kuthandiza wodwala matenda osachizika kuti amwalire, mwini wake akapempha? Lamulo la kuno limakana. Kutchalitchi kwathu ku Highfields nkhaniyi sitinkaitchula n'komwe. Tikapita kukazonda Anti tinkaimba, kupemphera, n'kutsanzika ndi mawu akuti "muchira."

Loweruka lina mchimwene wawo, a Stafford a ku Nottingham, anandiimbira kuti ndipite ndi makatoni kunyumba kwa Anti. Banja linali litagwirizana monga timachitira kwathu: wodwala wotere apite kumudzi akadali ndi mpweya, akatsirizikire pakati pa abale. Ine ndinkayesa kuti eni ake avomera.

Ndinapeza amayi a kutchalitchi atadzaza pabalaza. Anti anali pampando, kapaipi ka okosijeni kali m'mphuno. Anayang'ana makatoni aja, kenako ine.

"Chiku, wabwera kudzalongedza ndani? Ine ndiye sindikwana m'menemo."

Amayi anaseka mwamantha. A Stafford anati, "Achemwali, tikiti tabuka kale. Mukakapuma mpweya wa ku Dedza, mwina Mulungu..."

"Achimwene, ine sindichira. Tatchulani inunso, simukomoka nazo."

Mayi Keturah, mtsogoleri wa amayiwo, anagwira pakamwa. "Fyness, osalankhula choncho."

"Ndilankhula. Ndakhala pambali pa anthu ofuula ndi ululu. Gogo wina anandichonderera kuti ndimutseke kumaso ndi pilo. Ndinakana, ndipo lero ndingakanenso. Koma lamulo likanalola, ndikanamuitanira dokotala."

"Moyo ndi wa Mulungu," anatero Mayi Keturah, osagwedezeka. "Ndipo lamulo lotero likadzabwera, oyamba kupempha adzakhala okalamba opanda owayendera, ongoopa kuvutitsa anthu."

"Zimenezo nanenso ndimaziopa, amayi. Koma lero amene akundisankhira kokafera si boma ayi. Ndi inu nomwe mumandikonda."

Anti anatsokomola nthawi yaitali. Mayi wina anayambitsa nyimbo kuti nkhani ithe, koma Anti anakweza dzanja, nyimbo n'kufera pomwepo.

"Pano ululu ukandigwira ndimaimba foni, namwino amabwera ndi mofini wopha ululu. Kumudzi kwathu chipatala chili kuseri kwa phiri, ndipo mvula ikagwa galimoto silifika. Mukufuna ndikafuule pamphasa adzukulu akumva? Sindikupempha kuti mundiphe. Ndikufuna kufera pano, pabedi langa, wina atandifunsa kaye."

A Stafford anaima, nkhope ili gwa. "Nanga kumudzi akati chiyani? Kuti tinakutayani kwa azungu?"

"Mukawauze kuti Fyness wakana. Amandidziwa amenewo, sakadabwa."

A Stafford anatuluka. Tinkawaona pawindo akuyenda uku ndi uku m'mbali mwa msewu, foni ili kukhutu, akukangana ndi malume awo a ku Dedza. Mawu sankamveka, koma dzanja linkabaya mpweya. Atalowanso, maso atafiira, sanabwerere pampando wawo. Anakhala pansi pafupi ndi mapazi a mlongo wawo.

"Ndawauza kuti simubwera. Akwiya kwambiri. Ndiye mukufuna chiyani, achemwali?"

"Eya, funso ndi limenelo," anatero Anti. "Amayi Keturah, musachoke, pali gawo lanu. Maliro anga mudzayendetsa ndinu, ngakhale sitigwirizana."