Kaliwo wa Mkulu wa Mpingo

Mu George kompaundi munali anthu oti mutamva kuti agwidwa ndi mbuzi ya eni simukanadabwa, koma a Nason Nyendwa sanali m'gulu limenelo. Anabwera ku Lusaka kuchokera ku Petauke akuvalabe kabudula, nalowa ntchito pa fakitale ina yopanga zitini, ndipo anakhala pa makina omwewo mpaka imvi zinamera. Mowa sanaulawepo. Fodya ndiye ankadana naye ngati anawaphera mbale. Anyamata a mishanga, aja ogulitsa ndudu imodziimodzi pokwerera mabasi, ankabisa mapaketi kumbuyo akangoona jekete yakuda ya a Nyendwa, podziwa kuti akapanda kutero ulaliki uwapeza asanadye kanthu. Mlamu wawo weniweni anamutulutsapo panja mvula ikugwa kuti akasutire komweko, ndipo mlamuyo sanapondenso pakhomopo.

Kumpingo anali mkulu. Anali ndi mpando wawo kutsogolo, pambali pa guwa, mpando wokhala ndi poika mikono. Mkazi wawo, Ennie, ankati akauyang'ana mpandowo ali kumbali ya amayi, mtima unkakhala m'malo.

Ndiye zinafika zaka zija kwacha inasanduka pepala, anthu n'kumadzukira pamzere wa ufa n'kubwerako chimanjamanja. Fakitale inatseka. Mng'ono wawo wa a Nason anamwalira, ana ake onse n'kubwera kudzadzaza m'nyumba, poti mutu ukakula sulewa nkhonya. Wailesi inagulitsidwa, njinga inatsatira, kenaka makina osokera a Ennie. Iye anayamba kugulitsa makala m'timilu pakhomo, bambowo n'kumapita ku msika wa Soweto kukatsitsa matumba m'malole limodzi ndi anyamata a msinkhu wa ana awo. Akabwerako ankapeza chakudya chagawidwa, koma ankangosamba m'manja n'kukankha mbale, akuti adya kale.

“Nadya kudala ku Soweto na banzanga. Bapaseni bana.”

Zonse zinapita, kunangotsala mpando uja. Ennie ankadziuza kuti bola mpandowo ulipo, banja la Nyendwa silinagwe.

Lachitatu lina masana akuunjika makala, anatulukira Lillian, mnansi wake amene nkhani sinkagona m'mimba mwake.

“Bamake Sophie, nkhalani pansi poyamba.”

“Nili pansi kudala. Kambani.”

“Bamuna banu nabaona ku Lilanda maketi, pa tebulo ya ba Mukupa. Benze kusankha paipi ya fwaka.”

Amuna ake kugula kaliwo wosutira fodya? Ennie anaseka mpaka misozi. “Ba Lillian, yendani ku kiliniki bakakuoneni menso. Batate bake Sophie? Kubema? Kambani vinangu.”

Kusekako kunatha dzuwa lisanalowe. Akupita kukataya phulusa, anamva munthu akubuula kuseri kwa chimbudzi. Anasuzumira. Amuna ake anali atagwada, dzanja lina litagwira khoma, akusanza madzi okhaokha, thukuta lili kamukamu. Pafupi ndi bondo lawo panali kaliwo wamkulu wakuda, wa mutu ngati chibakera cha mwana, utsi ukutulukabe.

Chitini cha phulusa chinamupulumuka m'manja. Akanawapeza ndi mkazi wina mwina akanadziwa choyamba kunena.

“Batate bake Sophie! Ni chani ichi?”

A Nason anapukuta pakamwa, natola kaliwoyo, namuika m'thumba la jekete yomwe ija ankalalikira nayo anyamata a mishanga.

“Nayamba chabe,” anatero, n'kulowa m'nyumba.

Mu George khoma la nyumba limakhala la anthu awiri, ndiye chinsinsi chingabisale pati? Pofika Lachisanu anyamata a mishanga anali akuwaimbira mluzu a Nyendwa, akuti mudala bwerani tikuyatsireni. Madzulo ake kunabwera akulu awiri a mpingo, nkhope zili gwa, kudzanena kuti Lamulungu mapemphero akatha a Nason akaonekere pabwalo la akulu. Ennie anawagwadira amuna ake. Anawakumbutsa za mpando, za ana, za mlamu uja anamunyowetsa ndi mvula. Anati chitayeni m'chimbudzi chinthucho, mukapepese, akukhululukirani. Bambowo anakana. Anakwiya Ennie, mkwiyo umene sanaumvepo chikwatiwire.

Loweruka m'mawa anapisa m'jekete, nakulunga kaliwoyo m'nsonga ya chitenje, ulendo wa ku Lilanda. A Mukupa anali Mbemba wachikulire wa diso limodzi, amene ankasema akaliwo ndi zidutswa za mukwa zotola kwa akalipentala, n'kumagulitsanso balani, fodya uja wa masamba woyeza ndi kachitini. Ennie anamuponya kaliwoyo patebulo mpaka fodya anamwazika.

“Ndimwe mwaononga bamuna banga! Munthu wa Mulungu mwamugulisa ichi, mulibe nsoni?”

A Mukupa sanatekeseke. Anamutola kaliwoyo, namupukuta pa malaya.

“Awe mayo, ine sininabaitane. Banabwera beka, baimilila apa monga munthu wabwera ku chipatala. Nabafunsa ati munabemapo? Ati iyai. So nabachosela aka.”

Anatenga kakaliwo kowongoka, kopyapyala, ka mutu waung'ono ngati chotsekera botolo.

“Aka nimakaitana giredi wani. Kopepuka, kalowa fwaka ing'ono, chushi sichibaba. Aliyense oyamba nimamupasa aka. Bakana. Nabaonesa iyi yopindika, ya ba foromani, yamene ilendewela pa meno manja yali kusebenza. Nayo bakana. Menso yao yenze chabe pali iyi.” Anakweza kaliwo wa a Nason. “Iyi ni diramu, mayo. Ni ya banthu banabema zaka na zaka. Nabauza ati mudala, iyi izakugwesani, muzasanza mpaka ndulu. Mukwai, nabakaniza, Lesa ni mboni.”

“Nanga banatengela chani?”

A Mukupa anayang'ana uku ndi uku, kenaka anatsitsa mawu.

“Banasendela pafupi monga so, banifunsa pansipansi. Ati ba Mukupa, banzanga ku Soweto bakamba ati fwaka ipaya njala. Manje pali izi zitatu, ni iti yamene ipaya njala nthawi itali?”

Msika wonse unakhala ngati watalikira. Ennie anapezeka atakhala pa thumba la balani osadziwa kuti wakhala liti. Nadya kudala ku Soweto. Kodi ku Soweto anawaphikira ndani? Anzawo ake ati, amene nawonso ankalimbirana thumba limodzi kuti apeze ya basi? Anakumbukira lamba wa amuna ake, mmene anaonera timabowo tatsopano toboola ndi msomali, iye n'kumangoti ndi ukalamba. Anakumbukira kolala ya shati ikulendewera m'khosi. Miyezi yonseyi ankatenga mbale ya bambowo n'kugawira ana, mumtima akuthokoza anthu achifundo a ku Soweto amene kunalibe. Iye amene ankadziwa ngakhale kutsokomola kwa mwamunayo pakati pa amuna a mpingo wonse, sanaone kuti munthu akutha pamaso pake.

A Mukupa anamubwezera diramu ija mwakachetechete. Ennie anaikulunga, naimirira, nayenda pang'ono, kenaka anabwerera. Ndalama analibe, koma makala olipirira anali nawo kunyumba.

“Ba Mukupa, nioneseni futi kaja ka giredi wani. Nizakubweletselani malasha.”

Atafika kunyumba anawapeza amuna ake akufufuza m'matumba a jekete. Anatseka chitseko, nawapatsa kaliwo wawo m'manja.

“Ku Soweto mumadya chani?”

A Nason anamuyang'ana, ndipo anadziwa kuti zadziwika.

“Mailo nizaimilila pa mpingo nibauze vonse,” anatero Ennie, misozi ili chuchuchu. “Bakamva, sibazakuchosani pa mpando.”

“Simuzakamba.” Mawuwo anatuluka ouma. “Mukakamba ati mu nyumba ya Nyendwa muli njala, bazayendesa mbale kunisonkhela, pamozi na bamasiye. Ine wamene nenze kugaba? Bwino bakambe ati ndine chibema fwaka.”

“Mufuna kufa na nsoni?”

“Bana badye. Ine ndine mukulu.”

Akale sananame, manyazi adapha lambe. Bambo woti kale sankanama ngakhale pa mtengo wa tomato anasankha kutchedwa wochimwa kusiyana ndi kutchedwa wanjala, ndipo panalibe chowatembenuza.

Lamulungu bwalo silinatenge nthawi. Anawafunsa ngati zinali zoona, iwo anaimirira chilili, manja kumbuyo.

“Ni zoona. Nabema.”

Anawafunsa chifukwa chake. Sanayankhe. Anawafunsa ngati asiya. Sanayankhenso. Amayi ena anagwira pakamwa, wina kumbuyo anati Yesu wanga. Ennie analuma nsonga ya duku kuti mawu asamupulumuke, chifukwa mawuwo anali atafika kale pamilomo. Anaona mkulu wina akukoka mpando uja wa poika mikono n'kuutsamiritsa kukhoma, amuna ake akuyenda pakati pa mabenchi mpaka kumbuyo kwenikweni, kumene kumakhala ochedwa ndi oledzera. Mpando unapita iye akuona, ali ndi mawu oupulumutsira m'kamwa.

Kunyumba kunali mbatata zophika. Ennie anazigawa, aliyense yake, ndipo ya bambo anaiika pambale yawo monga mwa masiku onse. A Nason anasamba m'manja, nakankha mbale. Lero sanatchule za Soweto.

“Bapaseni bana.”

Analowa kuchipinda kukavula jekete ndi kutenga diramu yawo, kuti akabisale nayo kuseri kwa chimbudzi. Potuluka anapeza mbale ija palibe patebulo, Ennie nayenso palibe. Anatsegula chitseko cha kumsewu, n'kuima pomwepo ngati aponda msomali.

Mkazi wawo anali atakhala pakhonde, poyera, atayang'ana msewu umene anthu ochokera kutchalitchi ankadutsa. Anali asanavule bulauzi yoyera ya amayi a mpingo. Pambali pake panali mbale ziwiri, mbatata ya bambo ndi yake, zonse zosakhudzidwa. Pakamwa pake panali kakaliwo kowongoka, ndipo ndi kawaya ankaikapo khala la moto lochokera pa mbaula.

Anakoka kamodzi. Chifuwa chinamugwira mpaka anapindika, maso kufiira, mamina ndi misozi pamodzi. Kutsidya kwa msewu Lillian anaika manja kumutu. Amayi awiri a mpingo anaima, mabuku a nyimbo ali m'khwapa, kukamwa yasa. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya George, Lillian anasowa chonena.

“Bamake Sophie!” A Nason anakuwa. “Mwafuntha? Banthu bakuonani! Ni chani ichi?”

Ennie anapuma movutikira, napukuta maso ndi kuseri kwa dzanja.

“Nayamba chabe,” anatero. “Ba Mukupa bakamba ati aka ndiye ka oyamba. Nikazolobela nizatenga diramu monga yanu.”

“Leteni kuno!”

“Iyai. Mukabema, nibema. Mukadya, nidya. Sankhani imwe, ndimwe bakulu.”

Anakwezanso kakaliwo kaja kupita nako pakamwa. A Nason anagwira dzanja lake lisanafike. Anaimirira choncho kanthawi, dzanja la mkazi wawo lili m'dzanja lawo, ndipo ndi pamene anaona kuti nalonso latsala mafupa, chibangili chikutsetsereka mpaka pachigongono. Bambo amene sanagwetse msozi pamene fakitale inatseka, ngakhale pamanda a mng'ono wawo, analira pakhonde msewu wonse ukuona.

Anakhala pansi pambali pa Ennie. Anaika diramu padothi, natenga kagiredi wani kaja, nakakhuthula moto ndi chala, nakaika pomwepo. Kenaka anakoka mbale yawo. Mbatata inawapulumuka kawiri asanaisende. Ennie anagwira yake, koma sanalume. Anadikira mpaka ataona ndi maso ake kuti amuna ake ameza.