Mawu Amene Ndinamva kwa Aneba

Fungo la anyezi wokazinga lero landikumbutsa khitchini ya aneba athu ku Rockville cha m'ma 1990, mayi a ku Indonesia omwe anali namwino. Ndinali wamng'ono pamene bambo anandisiya kumeneko, akuthamangira kuchipatala ndi amayi, omwe anali oyembekezera ndipo ankabuula.

Masana, titadya mpunga wothira anyezi wokazinga, foni inalira. Mayiwo anamvetsera, kenako anauza amuna awo m'chinenero chawo. Ndinangotolapo mawu amodzi, "partus". Ndinaganiza kuti ndi matenda oopsa, n'kuyamba kulira.

Mayiwo anagwada n'kundigwira mapewa. "Usalire, mwana wanga. Ndi mawu a Chilatini, kwathu anamwino timatero mayi akabereka. Amayi ako achira, wabadwa mwana wamkazi."

Ndinapukuta mamina ndi malaya, n'kufunsa ngati mpunga unatsalako.